Mutu 9: Chipatala cha boma, chipatala cholipira, ndi mtengo wa kudwala

Mwana akatentha thupi usiku ku Ndirande, mayi ake amayamba kuwerengera asanatsegule n'komwe chitseko. Amawerengera ya kabaza popita ndi pobwera, maola amene aime pamzere, tomato amene atsale osagulidwa pa benchi kumsika tsiku limenelo, komanso mantha akuti akafika pawindo la mankhwala akamva mawu amene aliyense mumzinda uno anawamvapo: "Amenewa atha, mukagule ku famase." Njira zimene ali nazo ndi zitatu. Atha kugula Panado pa okala n'kudikira kuti kuche. Atha kulawirira kuchipatala cha boma, buku la mwana lili m'manja. Kapena atha kukagogoda pa kachipatala kolipira kuseri kwa msika, kumene mzere ndi waufupi koma polowa ndi ndalama. Mayi wa ku Bangwe, wa ku Chilomoni, wa ku Zingwangwa ndi wa ku Machinjiri amene amadalira chipatala cha South Lunzu, onse amachita masamu omwewa.

Timati chipatala cha boma n'chaulere, ndipo mawuwa ali ndi mbiri yake. Mu 1964, patangopita milungu yochepa dziko litalandira ufulu, nduna zingapo, kuphatikizapo Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere, zinasemphana maganizo ndi Dr. Kamuzu Banda. Pa madandaulo awo panali lakuti odwala azilipira tiki pofika kuchipatala cha boma. Tiki inali kandalama kochepa, makobidi atatu okha, koma ndunazo zinadziwa kuti kwa munthu wakumudzi kanali kokwanira kumubweza pakhomo. Nduna zinachoka, zina zinathawira kunja, koma lamulo lolipiritsalo silinakhazikike. Ngakhale m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene Banki Yaikulu Padziko Lonse inkalangiza mayiko osauka kuti azilipiritsa odwala, Malawi sanatsate njirayo. Anzathu amene anaitsata anadzabwerera okha: Uganda inachotsa malipirowo mu 2001, Zambia inawachotsa kumidzi mu 2006, ataona kuti osauka asiya kubwera kuchipatala.

Komabe mankhwala sagwa ngati mvula. Jakisoni amene mwana wabayidwa osalipira, wina wake anamulipira. Gawo lina ndi msonkho, womwe ngakhale wogulitsa tomato uja amapereka akagula sopo kapena mayunitsi. Gawo lalikulu, kupitirira theka la ndalama zonse zimene dziko lino limagwiritsa ntchito pa zaumoyo, lakhala likuchokera kwa abwenzi akunja monga Global Fund, Gavi ndi boma la America. Zonse zikaphatikizidwa, za boma, za akunja ndi zochoka m'matumba mwa anthu, zimakwana pafupifupi madola 40 pa munthu mmodzi pa chaka. Mu ndalama imeneyi ndi momwe muyenera kutuluka katemera, malipiro a namwino, mafuta a ambulasi, magetsi a m'chipinda cha opareshoni, ndi phala la wodwala wogonekedwa. Mu 2001, ku Abuja, atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Ife takhala tikuperewera pa mlingo umenewu zaka zambiri. Choncho wodwala akapanda kulipira ndi kwacha amalipira ndi nthawi, ndipo kwa munthu wa ganyu kapena wa geni tsiku lathunthu pamzere ndi ufa wa madzulo.

Blantyre ali ndi vuto lakelake. Mzinda umene kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 800,000 ulibe chipatala chachikulu cha boma la Blantyre, chonga chimene Thyolo, Chiradzulu kapena Mwanza ali nacho. Pakati pa chipatala chaching'ono cha m'dera ndi Queen Elizabeth Central Hospital, chimene tonse timangoti ku Gulupu, palibe pena poyamba kutsikira. Gulupu, chotsegulidwa mu 1958, chinayenera kulandira okhawo ovuta otumizidwa kuchokera m'chigawo chonse chakumwera ndi kuphunzitsa madokotala. M'malo mwake chimasenzanso mayi amene zamuvuta pang'ono pochira ku Zingwangwa ndi mnyamata amene wathyoka mwendo pa kabaza ku Bangwe. Bedi la pachipatala chachikulu ndi lodula kuposa bedi lina lililonse, chifukwa kumbuyo kwake kuli akatswiri, makina ndi ma labotale. Matenda aang'ono akagonekedwa pa bedi lotere, dziko limalipira mtengo wa ng'ombe pogula mbuzi. Chipatala cha Gateway, chimene chili pafupi ndi Gulupu, chinaikidwa kuti chizisefa odwala asanalowe, koma chosefera si chipatala chogoneka anthu.

Mawu akuti "cholipira" amabisa zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi zipatala za mishoni, monga Mlambe ku Lunzu, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM. Bungweli linayamba mu 1966 ndipo limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Izi zimalipiritsa, koma boma limalipira antchito ake, ndipo kuyambira mu 2006 pali mapangano oti boma lizilipirira amayi oyembekezera ndi makanda kumalo kumene kulibe chipatala cha boma. Chachiwiri ndi zipatala zikuluzikulu za mutauni monga Mwaiwathu, chotsegulidwa mu 1998, ndi Blantyre Adventist, zimene zimadalira kwambiri anthu a inshuwalansi ndi makampani. Chachitatu, chimene munthu wa kumakwalala amachidziwa bwino, ndi tizipatala ta zipinda zitatu kapena zinayi m'mbali mwa msewu, tokhala ndi dokotala mmodzi, namwino mmodzi ndi kabati ya mankhwala.

Sindikufuna kunyoza tizipatala timeneti. Timatsegula madzulo anthu ataweruka, timalandira wodwala ndi ulemu, ndipo tambiri tili ndi anthu ophunzira bwino, olembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Koma tiyenera kumvetsa mmene ndalama imalowera mmenemo. Namwino wa boma amalandira malipiro omwewo kaya waona odwala 30 kaya 130. Ndiye chifukwa chake kumeneko chithandizo chimachepa: mphindi ziwiri, mafunso awiri, wotsatira alowe. Kachipatala kolipira kamalandira pa chilichonse chimene kachita: kuonana ndi dokotala, kuyeza magazi, jakisoni, dilipi, mapilitsi a mitundu inayi. Ndiye chifukwa chake kumeneko chithandizo chimakonda kuchuluka. Lendi ya nyumba, mafuta a jenereta magetsi akazima ndi malipiro a mlonda zonse ziyenera kutuluka pa mapilitsi omwewo. Ndipo ifenso odwala tili ndi mbali yathu. Tinazolowera kuti amene sanatibaye jakisoni sanatithandize, ndipo dokotala amene angatiuze zoona kuti chimfine chitha chokha, tingomwa madzi ndi kupuma, sitibwereranso kwa iye.

Apa ndi pamene chithandizo cha kuchipatala chimasiyana ndi malonda ena onse. Pogula usipa ku Limbe umauona, umaununkhiza, umanenerera, ukapanda kukhutira umapita pa benchi ina. Wodwala sadziwa chimene akudwala, sadziwa chimene akufunikira, ndipo amene akumuuza zoti agule ndi yemweyo akugulitsa. Mwana akamakomoka palibe kholo limene limafunsa mtengo. Katswiri wa zachuma wa ku America, Kenneth Arrow, anafotokoza zimenezi mu 1963, ndipo dziko lake lomwe ndi umboni: limawononga pafupifupi 17 peresenti ya chuma chake chonse pa zaumoyo, kuposa dziko lina lililonse lolemera, komabe anthu ake sakhala ndi moyo wautali kuposa a ku Britain, kumene chithandizo chakhala cholipiridwa ndi msonkho kuyambira mu 1948.

Chimene chimakweza mtengo mwachangu kwathu kuno ndi dola. Pafupifupi chilichonse chimene chili m'kabati ya mankhwala chinaoloka nyanja, chambiri kuchokera ku India, n'kudzera pa doko la Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, kenako pa lole. Ngakhale makampani ochepa amene amapanga mankhwala kuno, monga Pharmanova mu Blantyre momwemu, amaitanitsa kunja zopangira zake. Magolovesi, thonje la opareshoni, timabotolo ta magazi, zitsulo zosinthira makina a ekisire, zonse ndi madola. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Katoni ya mankhwala ya madola 100 imene dzulo lake inali K118,000 inadzuka ili K170,000, pamene malipiro a mlonda wa ku Machinjiri sanasunthe. Ndipo wogulitsa amene wasowa madola kubanki n'kukawagula pamsika wamseri amaika mtengo umenewo pa botolo lililonse.

Kukwera kumeneku kumaoneka mosiyana pa mawindo awiri aja. Ku famase mtengo umakwera koma mankhwala alipo. Kuchipatala cha boma mtengo sungakwere, ndiye shelefu ndi imene imauma. Central Medical Stores Trust, imene imagulira mankhwala zipatala za boma, imadikira kuti boma libweze ngongole, iyonso ili ndi ngongole kwa amene amaigulitsa, ndipo pakati pa kudikirana kumeneku mwana wa chibayo akufunika amoxicillin lero. Palinso kuba. Unduna wa Zaumoyo unachita kukhazikitsa gulu lapadera lofufuza za kubedwa kwa mankhwala, ndipo anthu akhala akumangidwa atapezeka ndi mankhwala a boma m'misika ndi m'tizipatala. Zikatere wodwala amalipira kawiri pilitsi limodzi, koyamba ndi msonkho, kachiwiri ndi ndalama ya katapila. Pa zonse zimene zalembedwa m'mutu uno, ichi ndi chimene chimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa sichifuna dola kuti chithe.

Koma mtengo wa mankhwala si mwala wosasunthika. Cha m'ma 2000 ma ARV a munthu mmodzi ankagulidwa madola oposa 10,000 pa chaka, ndipo mawodi a ku Gulupu anali odzaza ndi achinyamata amene palibe akanawachitira kanthu. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ipereka mankhwala a mphamvu yomweyo pa madola 350 pa chaka. Mankhwala sanasinthe, chinasintha ndi amene akuwapanga komanso kuchuluka kwa ogula pamodzi. Mu 2004 Malawi anayamba kupereka ma ARV aulere, ndipo lero bambo wa ku Chilomoni amakatenga ake pafupi ndi kwawo n'kupita kuntchito. Palibe kachipatala kolipira kamene kakanachita zimenezi pakokha. Zimafuna wogula mmodzi wamkulu wogulira mtundu wonse. Chofooka chake chinaonekera mu January 2025, pamene boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, anthu n'kuyamba kufunsana ngati mankhwala a mwezi wamawa adzapezeke. Denga limene mzati wake uli m'bwalo la eni limagwedezeka eniwo akasuntha.

Munthu wochiritsa nayenso ndi wodula. Sukulu ya madokotala inatsegulidwa mu Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 inaphatikizidwa ndi ya anamwino kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Kuphunzitsa dokotala kumatenga zaka zosachepera 5, katswiri wa opareshoni zaka zinanso pamwamba pake, ndipo akamaliza, Lesotho, South Africa ndi Britain amamuitana ndi malipiro amene boma lathu silingafike. Amene timawatchula kuti adokotala m'zipatala za m'madera ambiri mwa iwo ndi ma clinical officer ndi ma medical assistant, amene maphunziro awo ndi aafupi ndi otsika mtengo, ndipo ndi iwo agwira dziko lino kwa zaka zambiri. Chimene anthu saganizira kawirikawiri n'chakuti mbali ziwirizi zimamwa pachitsime chimodzi. Amene wakuonani mofulumira m'mawa kuchipatala cha boma atha kukhala yemweyo amene akumwetulireni madzulo kolipira, kumene akugwira maola owonjezera kuti apeze fizi ya ana. Nzeru ndi zomwezo. Chasiyana ndi nthawi imene ali nayo ndi zimene zili pa shelefu kumbuyo kwake.

Ogwira ntchito m'maofesi ambiri ali ndi khadi la MASM kapena la bungwe lina la inshuwalansi. Nzeru yake ndi ya chipereganyu: ambiri amasonkha mwezi ndi mwezi kuti ochepa amene adwale asagulitse nyumba. Koma khadi nalo limakweza mtengo. Wodwala safunsa mtengo poti salipira pompo, chipatala sichiopa kulemba zoyeza zambiri poti bilu ikupita kwina, kenako bungwe limakweza zosonkha kapena kukana kulipira zonse, wodwala n'kupatsidwa shotifo yoti amalize yekha. Ndipo inshuwalansi yotere imafikira anthu ochepa kwambiri, a malipiro a pamwezi. Wokhoma zidebe ku Ndirande ndi wophwanya miyala ku Bangwe inshuwalansi yawo ndi banki m'khonde, mpingo, ndi mlongo amene ali ku Joni. Ghana inakhazikitsa inshuwalansi ya dziko lonse mu 2003, Rwanda ili ndi yake ya m'midzi, Zambia inapanga lamulo lake mu 2018. Kwathu nkhaniyi yakambidwa kambiri, ndipo imakakamira pa funso limodzi: munthu wopanda malipiro okhazikika mumutolera bwanji, ndipo amene walephera kusonkha mumubweza pakhomo?

Matenda nawo asintha. Malungo amabwera, munthu amamwa LA masiku atatu, nkhani yatha. Shuga ndi BP sizichoka. Zimafuna mapilitsi tsiku ndi tsiku kwa moyo wonse, ndipo mwezi umene mapilitsiwo asowa kuchipatala, ambiri amangosiya kumwa poti sakumva kupweteka. Mapeto ake ndi sitiroko, kudulidwa mwendo, kapena impso kuleka kugwira ntchito, pamene munthu amafunika makina osefa magazi kawiri kapena katatu pa sabata. Makinawo m'zipatala za boma ndi owerengeka, ndipo kolipira ndi mabanja ochepa kwambiri amene angapirire miyezi ingapo. Odwala khansa ofunika kuwotchedwa ndi makina ankatumizidwa ku India, Tanzania kapena Zambia kwa zaka zambiri, pa mndandanda wautali wodikira. Apa mpamene mabanja amadziwira kusiyana kwenikweni kwa mbali ziwirizi. Cholipira chimathandiza mwamsanga malinga ndalama zilipo. Zikatha, kapena matenda akakula kuposa zipangizo zake, kalata imalembedwa ndipo ambulasi imalunjika ku Gulupu. Ngozi yaikulu ya pamsewu, khanda lobadwa masiku osakwana, mwana wofunika opareshoni kuchipatala cha ana cha Mercy James, odwala kolera wa 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, ovulala a namondwe Freddy ochokera ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu March 2023, ambiri mwa awa anasenzedwa ndi chipatala cha boma chimene timachinyoza chija. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Amene ali ndi khadi m'thumba ayenera kudandaula za Gulupu mofanana ndi amene alibe, chifukwa tsiku loipitsitsa onse adzakumana pa khonde limodzi.

Pali chokweza mtengo china chimene sichioneka pa bilu iliyonse, chifukwa chimayambira kutali ndi chipatala. Madzi a Blantyre ambiri amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwezedwa phiri ndi magetsi, ndipo mipopi ikauma masiku angapo anthu a m'makwalala amatsikira ku zitsime ndi ku mitsinje ngati Nasolo ndi Mudi, kumene zimbudzi zimatsirako mvula ikagwa. Kuyambira 1998 mpaka 2010, ku Gulupu ankapeza odwala tayifodi pafupifupi 14 pa chaka poyeza magazi. Mu 2014 anapeza 782. Kunabwera mtundu wa kachilombo kosamva mankhwala atatu otchipa amene ankachiza kale: ampicillin, chloramphenicol ndi Bactrim. Kusamva kotere kumakula pamene makapisozi agulitsidwa awiriawiri pamsika, pamene munthu wasiya kumwa atangopezako bwino kuti otsalawo asungire mwana wina, ndi pamene aliyense wotentha thupi apatsidwa mankhwala amphamvu osayezedwa. Mankhwala otchipa akafa, olowa m'malo mwake amakhala odula, ena obaya, ofuna kugonekedwa. Tayifodi yochedwa nayo imaboola matumbo, ndipo mwana amene akanatetezedwa ndi ndowa ya madzi abwino amathera pa tebulo la opareshoni, mayi ake akugona pansi pafupi ndi bedi milungu itatu, geni itaima, ana ena ali kwa aneba.

Mu February 2018 anamwino ndi ofufuza anayamba kuyenda m'masukulu a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyesa katemera watsopano wa tayifodi. Makolo a ana oposa 28,000, a miyezi 9 mpaka zaka 12, anavomera kuti ana awo alowe nawo, theka alandire katemerayo, theka alandire wa matenda oumitsa khosi, popanda wodziwa kuti wake walandira uti. Kunali koyamba kuti katemerayu ayesedwe motere mu Africa. Zotsatira zinaonetsa kuti jakisoni mmodzi amateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 alionse, ndipo chitetezocho chinali chikadalipo patatha zaka 4. Mu May 2023 boma linapereka katemera wa tayifodi kwa ana m'dziko lonse, kenako n'kumuika pa ndondomeko ya kusikelo, kuti khanda lililonse la miyezi 9 lizilandira pa mzere womwe uja wa m'mawa, popanda kulipira.